Mapasipoti Awiri pa Msewu wa ku Bursa

Mu Novembala 1982, fakitale ya nsalu imene ndinkagwirako ntchito ku Blantyre inagula makina oluka matawulo ku Turkey, mumzinda wa Bursa. Eni makinawo analemba kalata kuti titumize anthu awiri. Awiriwo akakhala kumeneko sabata imodzi, kenaka eniwo akasankha mmodzi woti atsale miyezi itatu kuphunzira makinawo. Aliyense pafakitale ankadziwa kuti wotsalayo ndi amene adzakhale kapitao wa chipinda chatsopano.

Anatumiza ine ndi Layisoni.

Ine ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Sukulu ndinamaliza Fomu 4, ndipo ndinali kalaliki wa chipinda cholukira nsalu. Layisoni ndi mlamu wanga. Kwawo ndi ku Milepa, anakwatira mlongo wanga Esinati, namanga nyumba pamalo a amayi athu ku Njuli monga achitira mkamwini aliyense. Sukulu analekeza Sitandade 5. Ndine ndinamupemphera ntchito yosesa thonje pansi pa makina. Zitatha zaka zisanu ndi ziwiri, makina akaima akuluakulu ankaitana iye, ine n'kumalemba m'buku kuti aima nthawi yanji.

Tinanyamukira pa Njuli. Basi yopita ku Limbe inaliza hutala koyamba Layisoni akadali kunyamula ana mmodzimmodzi. Inaliza kachiwiri iye akugula nthochi. Inasuntha pang'ono, n'kukaimanso pasitolo kudikira mayi wina wa nkhuku, ndipo ndi pamenepo pamene Layisoni anakwera, osathamanga n'komwe. Esinati anabwera pawindo langa.

"Achimwene, mundisamalire munthuyu. Chingerezi chake chimathera pa moni."

"Akadzasochera ndidzakupezera wina," ndinatero. Onse anaseka.

Pa Chileka anatipatsa mapepala oti tilembe. Layisoni anandipatsa pasipoti yake kuti ndimulembere, ndipo nditamaliza ndinamanga mapasipoti onse awiri ndi kampira, n'kuika m'thumba la jekete langa. Iye sanafunse. Wamkulu ndi amene amasunga zinthu.

Za ndege ndilibe zambiri. Tinasintha kawiri, makutu anandiwawa, Layisoni anagona njira yonse ngati ali pamkeka kwawo.

Ku Istanbul anatilandira munthu wa kampani ya makina ija, ndipo mmawa mwake anatiperekeza kudepoti. Sindinaonepo mabasi ochuluka chotero, ndipo pa basi iliyonse panali munthu wokuwa dzina la mzinda. Atatigulira matikiti, munthuyo anandikokera pambali.

"Basi iima kamodzi kuti mudye," anatero m'Chingerezi. "Mphindi makumi awiri. Dalaivala saitana munthu, saliza hutala. Nthawi ikakwana amangonyamuka. Muuze mnzako."

Ndinavomera. Layisoni anali atagwada kumbuyo kwa basi akusuzumira injini, ndipo ndinati ndimuuza tikakhala pansi. Titakhala pansi sindinamuuze.

Tisanatuluke mumzinda, kondakitala anayenda mpando ndi mpando akuthira anthu m'manja madzi onunkhira mandimu. Ine ndinayang'ana kaye anzanga kuti ndione chochita. Layisoni anangotchera manja onse awiri, nadzola kumaso, m'khosi, mpaka m'mutu.

"Alamu, dzolani. Mwina dazi lanulo likhoza kumera."

Mayi wina wachikulire wa kumbuyo kwathu anaseka mpaka kutsokomola, ngakhale sanamve kanthu. Layisoni anamasula kathumba ka mtedza wokazinga kamene Esinati anamumangira, nayamba kugawa. Ndinamunong'oneza kuti asatichititse manyazi. Mtedzawo unayenda basi yonse, ndipo kathumba kanabwerera muli nkhuyu zouma.

Pampando wa pambali pathu panakhala bambo wina wa ndevu za imvi, a Yusufu, wogulitsa matawulo. Chingerezi ankachidziwa. Ndinakondwa, poganiza kuti uyu ndiye wanga. Titafika pamlatho waukulu wodutsa pamwamba pa nyanja, anandiuza kuti tikuchoka ku Ulaya kulowa ku Asia, ndi kuti dera lonselo limatchedwa Marmara potengera nyanja imene ili pakati pake. Anati mpweya wa dziko lawo uli m'dera limeneli: sitima, njanji, mafakitale, ndi anthu ochokera m'midzi yakutali odzafuna ntchito. Ndinalemba zonsezo m'kabuku kanga.

Sananame. Kuchokera pamene mzinda unathera, sitinaonenso tchire. Kumanja kunali nyanja, kumanzere mapiri, pakati pake mafakitale ogundana: a simenti, a penti, a magalasi, a matayala. Ndinayamba kuwerenga michumuni yotulutsa utsi, ndinalekeza pa makumi asanu. Ku Limbe ndinkaidziwa yonse ndi maina. Ndinaganiza za anthu a kwathu ophwanya miyala ndi hamala pa Njuli, ndipo mtima unandiwawa. Nthaka yawo sinkaoneka yoposa yathu. Miyala yokhayokha.

Ndiye a Yusufu anatulutsa tawulo m'chikwama kuti andionetse ntchito ya ku Bursa. Ndinaligwira, ndinati ndi labwino kwambiri. Layisoni analitenga, nalitembenuza, nayendetsa chikhadabo m'mphepete. Anaima pamalo ena, naloza, n'kupukusa mutu. Kenaka ndi zala anasonyeza ulusi umene unali wolimba kuposa unzake, ndi mmene akanaumasulira. A Yusufu anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, namumenya Layisoni pabondo.

"Uyu ndi mmisiri," anandiuza. "Iwe ntchito yako ndi yotani?"

"Ndimayang'anira mabuku."

"Aa, mabuku."

Kuyambira pamenepo ankayankhula ndi Layisoni kudutsa pamaso panga, ndi manja, ndi mapokoso a makina a pakamwa. Akakanika m'pamene ankandigwira phewa kuti ndimasulire.

Tinayenera kuoloka nyanja pa pantoni kuti njira ifupike. Tinapeza magalimoto atandandalika, pantoni itamangidwa chifukwa cha mphepo ya kummwera. Tinadikira ola lathunthu ndi theka. Dalaivala ankatsika, kukafunsa, kubwerera, kusuta fodya. Mwana wa mayi wina anasanza. Potsiriza dalaivala anakuwa mawu angapo, anthu anadandaula, basi inatembenuka. A Yusufu anati tizungulira nyanja yonse pamtunda, kudzera ku Izmit.

Tinadutsa ku Hereke, kumene anati akazi amaluka makapeti a silika ndi manja, ndipo alendo ochokera ku Ulaya amabwera kudzagula. Tikuyandikira Izmit kunayamba kununkha mafuta. Kunali malo oyengera mafuta okhala ndi moto woyaka pamwamba pa chitsulo masana dzuwa likuswa mtengo, ndi fakitale ya mapepala yaikulu ngati Limbe yense.

Basi inaima kunja kwa mzindawo, pa nyumba yodyera. Tinadya msuzi wa mphodza ndi buledi, n'kumwa tiyi m'timatambula tating'ono ngati ta mankhwala. Kuseri kwa nyumbayo kunali galaja, ndipo amuna atatu ankalimbana ndi pampu ya lole. Layisoni anali akuyang'ana komweko chiyambire.

"Alamu, nditasuzumirako apo. Akaliza hutala mundikuwe."

Ndinayang'ana wotchi. Zinatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

"Pitani," ndinatero.

Ndinakwera basi. A Yusufu anali atagona kale, chipewa kumaso. Jekete la Layisoni linali pampando wake. Injini inalira. Pawindo ndinaona Layisoni akudzutsa mutu, nayang'ana basi, naweramanso. Kwa munthu wa ku Njuli, kulira kwa injini ndi chiyambi chabe cha nkhani. Pakadali hutala woyamba, wachiwiri, ndi kusuntha konamizira.

Munthu wina wonenepa amene anakwerera pomwepo anaima pambali panga, naloza mpando wa Layisoni, kufunsa ndi nsidze. Ndinachotsa jeketelo n'kuliika pamiyendo panga. Munthuyo anakhala. Kondakitala anawerenga mitu, inakwana. Chitseko chinatsekeka.

Ndinena zimene ndinkaganiza, popeza ndazisunga nthawi yaitali. Sindinafune kuti atayike. Ndinkafuna kuti achedwe tsiku limodzi lokha. Ine ndikafike ndekha Lolemba mmawa, nditavala tayi, ndipo akandifunsa ndikangoti mnzanga basi inamusiya. Munthu wosiyidwa ndi basi, ndani angamusiyire makina? Basi ikulowa mumsewu ndinaona Layisoni akutuluka m'galaja, manja akuda ndi girisi, akuthamanga. Ndinayang'ana kutsogolo.

Tinazungulira kumapeto kwa nyanja, n'kuyamba kubwerera chakumadzulo m'mbali inayo. Mafakitale amene tinadutsa mmawa tsopano ankaoneka kutsidya. Ndinatsegula kabuku kanga koma sindinalembe kanthu. Mayi wachikulire uja anandigwira phewa kawiri, akuloza mpando, akuyankhula. Ndinachita ngati sindikumva.

Tisanafike pa tauni ya Karamursel tinapeza asilikali atatseka msewu. Zaka zimenezo dzikolo linali m'manja mwa asilikali, ndipo ankaimitsa magalimoto kuona zitupa. Mmodzi analowa, mfuti paphewa. Atafika pa ine ndinapisa m'thumba, ndipo mapasipoti anatuluka onse awiri, omangidwa ndi kampira kaja. Ndinali nditaiwaliratu.

Msilikaliyo anatsegula yoyamba, nandiyang'ana. Anatsegula yachiwiri, nayang'ana munthu wonenepa uja. Anakuwa kuitana wamkulu wake. Phokosolo linadzutsa a Yusufu.

"Akufunsa kuti munthu wachiwiri ali kuti," anatero, akuyang'ana uku ndi uku. "Eya, mmisiri ali kuti?"

"Watsala ku Izmit."

"Watsala bwanji? Iwe unali kuti?"

"Ndinali mtulo."

A Yusufu anamasulira. Pamenepo munthu wonenepayo anayankhula, akuloza jekete limene linali pamiyendo panga, nasonyeza ndi dzanja mmene ndinalichotsera. Mayi wachikulire anaonjezera zake mokweza. A Yusufu sanandimasulire zimenezo. Anangoti, "Akuti utsike ndi katundu yense. Sungapitirire ndi pasipoti ya munthu amene sakuoneka."

Kondakitala anatulutsa masutikesi athu awiri. Ndikutsika, a Yusufu anati, osandiyang'ana, "Ukanangondigwedeza. Basi ikanaima."

Ndinakhala pa benchi pambali pa kanyumba ka asilikali kwa maola awiri ndi theka. Sanandizunze. Wamkulu wawo anatenga mapasipoti, nayesa foni kangapo, ndipo wina anandibweretsera tiyi. Mphepo inkachokera kunyanja ndi kulowa m'mafupa. Jekete ndinali nalo, ndipo lachiwiri linali pamiyendo panga. Mwini wake anali ndi malaya okha.

Pamenepo m'pamene nzeru zinabwerera. Layisoni analibe pasipoti, analibe adiresi ya kumene tinkapita, chifukwa kalata inalinso m'thumba langa. Asilikali ngati awa akanamupeza, akanawauza chiyani, m'chiyankhulo chanji? Ndinaona ankhoswe ake akuchoka ku Milepa, akukhala pakhonde pa amayi, akufunsa mwaulemu kuti mwana wawo ndinamusiya pati. Ndinaona Esinati. Galimoto iliyonse yochokera ku Izmit ndinkaimirira. Panadutsa mabasi asanu ndi atatu, magalimoto atsopano osalembedwa nambala atakwezedwa pa lole, thirakitala yokoka mabokosi a maapulo.

Lole yonyamula mabelo a thonje itaima, sindinaimirire n'komwe. Ndinamva mawu.

"Alamu! Mwatsegula sitolo ya masutikesi?"

Layisoni anali kutsogolo ndi dalaivala, atavala juzi yaubweya yothimbirira girisi, mkamwa muli buledi. Wamkulu wa asilikali anatsegula pasipoti, nayerekeza nkhope, naseka, nabweza mapasipoti onse awiri kwa ine. Layisoni anatambasula dzanja. Ndinamasula kampira n'kumupatsa yake.

Anandifotokozera mwachidule. Amisiri a pagalaja aja atamuona akuthamangira basi, anamubweza, namukhazika pansi. Iye anangoti "Bursa, Bursa," akuyendetsa manja ngati makina oluka. Anamaliza nawo pampu ija, anamudyetsanso, anamupatsa juzi, naimitsa lole ya mnzawo Hasani, amene ankapititsa thonje ku Bursa.

Tinakwera atatu kutsogolo. Layisoni anandipatsa malo a pawindo, poti ndine wamkulu, iye nakhala pakati pa zitsulo za magiya. Tinayenda mpaka ku Yalova, kumene Hasani analoza phiri, nachita ngati akusamba, kutanthauza akasupe a madzi otentha. Msewu unasiya nyanja n'kuyamba kukwera. Lole inkalira ngati ng'ombe. Layisoni anayankhula akumwetulira, kuti Hasani aziyesa tikucheza.

"Magalasi a basi za kuno ndi oyera, alamu. Munthu umaona mkati bwinobwino."

"Ndinayesa mubwera."

"Ndinabweradi. Ndinathamanga mpaka pamsewu."

"Zinachitika mofulumira."

"Jekete langa linali pampando. Linachoka lokha?"

Anatenga jeketelo, nalipinda, nakhalira.

"Esinati sindimuuza," anatero. "Ana asamve kuti malume awo anachita zimenezi. Amakulemekezani kwambiri ana aja."

Ndikanakonda akananditukwana. Ngakhale kukhululuka anandiposa.

Titatsika phiri tinafika ku Gemlik, kumene mabanja athunthu anali m'minda akugwetsa zipatso za azitona pa nsalu zoyala pansi. Hasani anaima kuti athire madzi m'lole, ndipo mlimi wina anatipatsa zipatsozo m'manja. Ine ndinaluma imodzi, inali yowawa ngati kwinini. Layisoni anaona nkhope yanga, naika zake m'thumba. Dzuwa likupendeka tinaona Bursa: chigwa chodzaza mafakitale ndi minda ya mapichesi, mzinda utatsamira phiri lalikulu monga boma lathu litsamira phiri la Chiradzulu, koma ili linali loyera pamwamba ndi chipale chofewa.

Sabata ija inatha msanga. Masana tinali pa makina. Madzulo ankatiyendetsa: kumsika wakale wa silika, kumizikiti ya miyala yobiriwira, kunyumba zosambira madzi otentha ochokera pansi, kumene kunali alendo a ku Germany ndi a ku Arabia. Anatikweza pa kabokosi koyenda pa chingwe mpaka paphiri, kumene olemera amapita kukatsetsereka pa chipale. Phiri lomwelo limawapatsa madzi a mafakitale, limawapatsanso alendo. Lathu limatipatsa nkhuni ndi anyani. Ndinadzaza makabuku awiri. Layisoni sanalembe kanthu. Pofika Lachitatu amisiri ankamuitana kuti adzamve kulira kwa makina ena amene ankawavuta.

Lachisanu bwana wa fakitale, a Nuri, anatiitanira muofesi. Anayankhula ndi ine, poti ndine ndinkamva Chingerezi.

"Nonse mwagwira bwino. Koma amisiri anga akufuna uyu. Muuze."

Ndinatembenuka. "Akuti mutsale ndinu."

Layisoni sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anaika manja pamaondo, nayang'ana pansi.

"Auzeni kuti ine sindingayankhe. Ayankhe ndinu."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Mvula yayamba kumudzi. Munda sindinamalize mizere. Esinati ndi woyembekezera, mukudziwa. Ine ndine mkamwini, alamu. Munda ndi wa kwanu, mbumba ndi yanu. Sindingasowe pakhomo dzinja lonse mwini mbumba asanalole. Mukati ndibwerere, ndibwerera, mutsale inuyo."

"Mukanangovomera. Kuno si ku Njuli."

"Ine ndi inu tili pano. Ndiye ku Njuli komweko."

A Nuri anayang'ana wotchi. "Pali vuto?"

Panalibe munthu m'chipindamo wodziwa Chinyanja kupatula ife awiri. Ndikanati mkazi wake ndi wodwala ndipo sangatsale, sikukanakhala kunama kwenikweni. Kumudzi aliyense akanandiyamikira kuti ndaganizira mlongo wanga. Ukapitao unali patebulo, ndipo amene anauika m'manja mwanga ndi munthu yemwe ndinamusiya pamsewu masiku asanu apitawo. Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati ndi ulemu kapena msampha. Nkhope yake inali ya mkamwini wofunsa malo omanga nkhokwe. Mpaka lero sindidziwa.

"Nanga munda alima ndani?" ndinafunsa.

"Zimenezo adziwa ndi mwini mbumba."

A Nuri anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Palibe vuto," ndinatero m'Chingerezi. "Akuti wavomera."

Ndinabwerera ndekha. Esinati nditamuuza kuti asankha Layisoni, analuluta, kenaka anafunsa za munda. Dzinja limenelo Loweruka lililonse ndinkatsika basi pa Njuli ndi khasu, kalaliki wa Fomu 4, kukamaliza mizere ya Layisoni, kubzala, kupalira, kubandira. Munda wanga wa kwa akazi anga ku Mauwa ndinkaufika Lamulungu masana, nditatopa kale. Anthu odutsa ankandipatsa moni mokweza: "Akulimitsani akamwini, a Makwinja?"

Layisoni anabwera mu Febuluwale atanenepa, ndi tawulo la aliyense. Anakhala kapitao wanga, ndipo malipoti ake ndinkalemba ndine, iye n'kusaina. Nthawi yokolola anandiitana kuti ndidzaone nkhokwe. Chimanga cha m'munda mwake chaka chimenecho chinabereka kuposa changa.